Chikwakwa Changa ndi Mpiru wa Apongozi

Pali anthu amwayi amene akalakwitsa zinthu zimathera m'nyumba, mkazi amangowaponyera diso lija, basi nkhani yatha. Ine mwayi umenewo unandilambalala. Ndikalakwitsa pamakhala mboni, ndipo pa nkhani imene ndikufuna kukuuzaniyi mboni zake zinachita kubwera pa minibasi. Ndiye ndaona kuti kuli bwino ndiikambe ndekha, chifukwa mmene akuikambira alamu anga pa Ndunde, chaka chamawa mudzamva kuti ndinapha khola lonse la ng'ombe ndi mwini wake yemwe.

Ine ndinakhala zaka zambiri ku Limbe, ndikugwira ntchito m'sitolo yogulitsa misomali, makasu ndi malata. Ntchito itatha ndinabwera kudzakhala kwawo kwa mkazi wanga, amake Feli, kuno ku Chiradzulu. Ukamwini mukuudziwa. Munda ndi wa mkazi, malo ndi a apongozi, ngakhale mthunzi wa mango umene ukupumirapo uli ndi eni ake. Chako ndi njinga ndi maganizo. Ndipo maganizo ndinabwera nawo ambiri (makasu ndinagulitsa ochuluka zedi m'moyo wanga, kungoti kulimira ndinali ndisanalimirepo kwenikweni).

Chaka chachiwiri ndili pamudzi kunabwera bungwe lina. Dzina sinditchula, anthu aja sanalakwe kanthu. Linapereka ng'ombe za mkaka kwa mabanja angapo a m'gulu lathu, koma panali pangano: tizisamala dambo limene timamwetako udzu. Osalitentha, osalima mpaka m'madzi, kubzala udzu wa vetiva m'mphepete mwa madimba, ndi kusunga udzu wouma woti ng'ombe zidzadye m'chilimwe, umene timautcha mfutso wa ng'ombe. Komanso thole loyamba lalikazi umapatsa banja lina limene likudikira. Ng'ombe yathu tinaitcha Dona, chifukwa inkagona pansi pa denga losadontha, kudya isanagwire ntchito, ndi kusambitsidwa. Inali ndi bere, ndipo amene ankadikira thole lake anali apongozi anga aakazi. Mfundo imeneyi muisunge.

Chakumapeto kwa mvula tinaitanidwa ku maphunziro ku Namitambo. Alangizi athu, Mayi Kapito, anatulutsa m'jumbo kachomera kofika m'mawondo, ka masamba opyapyala ndi timaluwa tachikasu. Anatchula dzina lake lachizungu lalitali ngati njanji, ndipo alamu anga a Dankeni, achimwene ake a mkazi wanga, anati, "Mayi, ife lilime silifika. Tizingoti kachikasu." Dzinalo linakhala lomwelo.

Mayi Kapito anati kachikasu kayamba kuchuluka m'dambo mwathu, ndipo ng'ombe ikamakadya kamaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kufa. Kenaka anati gulu lisankhe munthu wotsogolera ntchito yokachotsa. Anthu anayang'anayang'ana, naona kuti m'chipinda monsemo ndine ndekha amene ndabwera ndi kope ndi cholembera. Umu ndi mmene ndinakhalira tcheyamani.

Kope lija ndikadali nalo. Pa tsamba la tsiku limenelo palembedwa mawu awiri: "Kachikasu. Kuchotsa." M'munsi mwake muli siginecha yanga kasanu ndi kawiri, chifukwa ndinkayeserera kasainidwe koyenera tcheyamani. Mayi Kapito analankhula pafupifupi ola lina lathunthu. Ndinkawaona pakamwa pakugwedera, ndipo ndinkagwedeza mutu m'malo oyenera.

Tsiku la ntchito tinakumana m'dambo m'mawa. Ndinapeza azimayi avala majumbo m'manja, anjuta, akuzula kachikasu kamodzikamodzi ngati akutola nsabwe. Patatha ola anali atayeretsa malo okwana kuyalapo mphasa ziwiri. Dambo lonselo likungowayang'ana. Mtima wanga wa munthu wa m'tauni unawawa. Ndinakwera njinga, ndinazungulira mudzi kubwereka zikwakwa, ndinabwera nazo zisanu ndi chimodzi.

"Abambo a Feli," anatero mkazi wanga, "alangizi anati tizule ndi mizu yomwe."

"Alangizi ananena zimenezo poganiza kuti gulu lino lilibe munthu wodziwa zida."

"Anati tikadula kamaphukira."

"Ndiye mukufuna tikhale m'dambo muno mpaka Feli adzakwatiwe?"

A Dankeni anathyola kamutu kamodzi nandionetsa. Timaluwa tina tinali titayamba kale kusanduka ngati thonje. "Alamu, nanga titi tikatimenya ndi chikwakwa sitiuluka?"

"Tiuluke tipite kuti, alamu? Tili ndi abale ku Joni?"

Anthu anaseka, ndipo ine ndinaona ngati ndapambana mtsutso. (Ndaphunzira mochedwa kuti anthu akumudzi akamaseka, uyambe wafufuza kuti akuseka nthabwala yako kapena iweyo.) Amuna anatenga zikwakwa, ine patsogolo. Dzuwa lisanafike paliwombo, chigawo chonse chakumtunda chinali mbee, udzu ndi kachikasu zonse zili gone pansi. Kamphepo kanayamba, ndipo timathonje tija tinanyamuka m'mwamba, waa, kulowera kumunsi kwa dambo ndi kuminda ya anthu. Ndinaloza ndi chikwakwa ndi kunena mokweza, "Mukuona? Adani akuthawa."

Mkazi wanga anavula majumbo ake, nawapinda bwinobwino, napita kunyumba.

Mawa lake kunabwera uthenga wa maliro a azakhali awo ku Namadzi, ndipo amake Feli ndi apongozi ananyamuka kukakhala kumeneko masiku angapo. Ndiye kuti munthu yekhayo amene amandigwira malaya ndikamathamangira kuphompho anali atachoka. Nzeru yachiwiri inandipeza ndili ndekha.

Ndinapita kudambo tsiku lachinayi, ndinapeza udzu tinamweta uja wauma bwino, ukununkhira. Ndinaganiza: pangano likuti tisunge mfutso, ndipo mfutso ndi uwu, wamwetedwa kale, wauma kale. Munthu wopusa yekha ndi amene angausiye. Ndinauza gulu kuti aliyense atute. Mabanja atatu anamvera tcheyamani wawo. A Dankeni anakana.

"Bwanji alamu, udzu waulere?"

"Ng'ombe yanga ikusala kudya, alamu. Yalowa mpingo watsopano."

Ndinawasiya ndi nsanje yawo. Ndinatuta maulendo osawerengeka pa njinga, ndinamanga thandala lalitali pambali pa khola, ndinaunjika mfutso mpaka kufuna makwerero. Kenaka ndinatapako ndi kumupatsa Dona. Anadya. Anadya mokondwa, mchira ukugwedera, mpaka kunyambita chodyeramo. Ndinaima pamenepo manja m'chiuno ndikuganiza kuti ulimi anthu amangoukokomeza. Ndinamupatsanso mawa lake.

Tsiku lotsatira ndi limene Mayi Kapito anakonza zobwera ndi alimi a gulu lina la kutsidya, kuti adzaone mmene anzawo otsogola tikusamalira dambo. Amake Feli anali atangofika m'mawa womwewo, asanamasule n'komwe mpango wa kumaliro. Ine ndinavala jekete. Minibasi inaima pansi pa mango, alendo anatsika, ena atatulutsa kale mafoni kuti ajambule.

Ndinawalandira ndi mawu amene ndinawakonza bwino. Ndinanena za kufunika kwa luso lamakono. Ndinanena kuti ntchito imene ena akanaigwira mwezi, ife tinaimaliza tisanadye nkhomaliro. Ndinaona nkhope ya Mayi Kapito ikusintha pang'ono, koma ndinaganiza kuti ndi kunyadira. Ndinawatsogolera ku thandala.

Mayi Kapito anapisa dzanja mu mfutso muja, natulutsa udzu wodzaza dzanja, nauyang'ana. Anapisanso pena. Anapisanso kachitatu, kumbuyo.

"A tcheyamani, ichi n'chiyani?"

"Mfutso, mayi."

"Ndikunena aka." Anakweza kamtengo kouma, timaluwa take tachikasu tikadali pomwepo.

"Aa, ako kanafa kale, mayi. Tinakapha Lachiwiri."

Bambo wina wachikulire mwa alendo aja anayamba kutsokomola, ndipo chifuwa chake chinafalikira kwa anzake msangamsanga. Mayi Kapito sanaseke. Analankhula pang'onopang'ono, ngati mmene amalankhulira anamwino kwa munthu amene wamwa mankhwala a mlungu wonse tsiku limodzi.

"Ku Namitambo ndinanena katatu. Kachikasu kakakhala kakuwisi kamawawa, ng'ombe imakalambalala yokha. Kakauma kuwawa kumatha koma poizoni amatsala, ndiye ng'ombe imadya osadziwa. N'chifukwa chake ndinati muzule, mutulutse m'dambo, mukwirire kapena mutenthere m'dzenje. Inu munali kutsogolo, mukulemba."

"Ndinkalemba ndithu, mayi."

"Ng'ombe mwaipatsa kale?"

Apa ndinafuna kunama. Ndikuvomera. Ndinati, "Kungoilawitsa chabe." Nthawi yomweyo Dona anatulutsa mutu pa mpanda wa khola, akutafuna mwaulemu, kamtengo ka kachikasu kakulendewera pakamwa ngati ndudu. Mafoni onse anatembenukira kwa iye.

Sindikumbuka kuti alendo anachoka bwanji. Ndikukumbuka mkazi wanga akulowa m'khola, kuchotsa udzu wonse m'chodyeramo ndi manja, kenaka kuima atagwira khosi la Dona. Sanandikalipire. Anangofunsa Mayi Kapito ndi mawu otsika, "Ndiye ifa?" Apo jekete lija linayamba kulemera.

Masana kunabwera alangizi a ziweto. Anamuyang'ana Dona m'maso ndi m'kamwa, nati palibe jakisoni wochotsa zimene zalowa kale. Ngati wadya pang'ono apulumuka. Ngati wadya kwambiri tidzaona patapita milungu, mwinanso miyezi: kuonda, kutsekula m'mimba, kuyenda ngati woledzera. Bere nalo likhoza kuchoka. Chotsala n'kudikira. Mfutso wonse, wanga ndi wa mabanja atatu aja, unatenthedwa m'dzenje tsiku lomwelo, Mayi Kapito ataima pomwepo. Mwamwayi anzangawo anali asanayambe kudyetsa. Changu chinali changa ndekha.

Munthu wanzeru akanakhala pansi masiku awiri osakhudza chilichonse. Ine ndinaganiza zobweza ulemu wanga.

M'mawa mwake ndinavala majumbo m'manja onse awiri, ndinatenga khasu ndi matumba, ndinatsikira kudambo ndekha. Ndinalumbira kuti chilichonse cha duwa lachikasu chiona. Ndinazula kumunsi kumene zikwakwa sizinafike, ndi mizu yomwe, monga mwa malangizo. Ndikuyenda m'mphepete, kuseri kwa mzere wa vetiva, ndinaona zimene zinandiimitsa mutu. M'dimba la apongozi munali mabedi awiri odzadza ndi zomera zazitali zofika m'chifuwa, nthambi mbwee, pamwamba timaluwa tachikasu. Ndinati, eya, tija tinali tiana, makolo ake ndi awa. Ndipo amera mwaukadaulo, m'mizere, m'dimba la gogo wosauka amene maso ayamba kuvuta!

Ndinazula zonse. Ndinatuta pa njinga maulendo atatu. Ndinakumba dzenje kuseri kwa khola, ndinaziduladula ndi khasu kuti zisadzayerekeze, ndinakwirira, ndinapondaponda. Kenaka ndinakasamba ndi kukhala pakhonde kudikira kuti wina andifunse kumene ndinali.

Amake Feli anatulukira ndi ndowa, naima pa njinga yanga. Pa kaliyala panali patakodwa kanthambi kamodzi. Anakachotsa, nakanunkhiza.

"Aka mwakatenga kuti?"

"M'dimba la mayi. Musadandaule, ndachotsa zonse. Simunatsale ngakhale kamodzi."

Anaika ndowa pansi. "Zonse?"

"Ndi mizu yomwe."

"Abambo a Feli, uwu ndi mpiru."

"Mpiru unayamba liti kukhala ndi maluwa?"

Musandiweruze msanga. Mpiru ndadya moyo wanga wonse, koma ndinkakumana nawo mumsika wa Limbe uli womangidwa m'timitolo, kapena m'mbale utathiridwa nsinjiro. Palibe anandiuzapo kuti ukausiya umakula n'kuchita maluwa ngati ukupita ku ukwati. Apongozi anausiya dala kuti ukhwime atengepo mbewu. Ndipo sunali mpiru wamba. Unali uja wowawirako, wa masamba aakulu, umene mbewu yake analandira kwa mayi awo, iwonso kwa mayi awo amene anabwera nayo pochoka ku Mozambiki. Chaka chilichonse ankasunga m'kabotolo, ndipo chaka chimenecho kabotolo anakakhuthula konse m'mabedi awiri aja.

Mkazi wanga anathamangira kudzenje, nafukula pang'ono ndi manja, naona ntchito ya khasu langa. Anabwezera dothi. "Tiyeni kwa mayi," anatero. "Mukanene nokha."

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana ngati anzake a pa bawo. Ndinanjuta chapatali, pafupi ndi nkhokwe, chipewa m'manja. Apongozi anakhala pakhonde atapenya kumbali, akusola nandolo. Ndinafotokoza zonse. Sanasiye kusola. Nditamaliza analankhula ndi mwana wawo ngati ine ndili ku Limbe.

"Esinati, tawafunsa bambowa, mpiru wanga unawalakwira chiyani?"

"Akuti anauyesa kachikasu, mayi."

"Oo. Anauyesa kachikasu." Anasola nandolo ziwiri zitatu. "Dzulo ng'ombe imene ndikudikira thole lake aidyetsa poizoni. Lero ndiwo zanga azula. Uwafunse ngati mawa ndi tsiku langa, ndisambiretu."

"Pepani, mayi," ndinatero ine.

"Esinati, ndamva ngati mphepo yalankhula. Ukalowa m'nyumbamo uchotse chitenje changa chachikasu chija pachingwe, ukachibise pansi pa sutikesi. Ndisadzachivale n'kupita nacho kudambo."

A Dankeni anali atafika nthawi ina imene sindinaione, atatsamira mtengo wa papaya. Iwo chifuwa sichinawagwire. Anaseka poyera, mpaka kukhala pansi.

Loweruka ndinapalasa njinga mpaka ku Namitambo kukagula paketi ya mbewu ya mpiru, ya chithunzi chokongola. Ndinaipereka kudzera kwa mkazi wanga. Apongozi anaitembenuza uku ndi uku, nati, "Uwathokoze. Chithunzichi ndichipachika pakhoma."

Chilimwe chimenecho ndinachimva m'miyendo. Mfutso unali utapsa, dambo lakumtunda linali lometedwa, ndiye chakudya cha Dona ndinkachisaka ngati munthu wosaka ntchito. Ndinkapempha mapesi m'minda ya anthu, ndinkapalasa njinga mitunda kukamweta nsenjere kwa mnzanga wina wa kufupi ndi mtsinje. Ndipo popeza mabanja atatu aja anataya mfutso chifukwa chomvera ine, theka la maulendowo linali lawo. Pamsewu anthu ankandipatsa moni mwaulemu kwambiri: "A tcheyamani, mwayang'anamo bwino mmenemo?"

M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi kukhola. Ndinkamuyang'ana Dona m'maso nthawi yaitali kuposa mmene ndinamuyang'anirapo mkazi wanga tili pa chibwenzi. Ndinkayang'ana ndowe zake ngati sing'anga. Akapunthwa pang'ono, ndinkalumpha kukamugwira. Tsiku lina anangogona osafuna kudzuka, ndipo ndinakhala pambali pake m'matope ndikumupepesa mokweza, mpaka amake Feli anabwera kudzandiuza kuti ng'ombe ya bere lalikulu imagona choncho, ndidzuke anthu akuona. Koma nawonso ndinkawapeza kukhola kuja nthawi zina, atangoima, dzanja lili pamimba pa Dona.

Mvula yoyamba itangogwa, Dona anabereka. Thole lalikazi, lamoyo, la miyendo yaitali ngati ya tebulo. Alangizi a ziweto anati Dona anadya pang'ono, tinachita mwayi, koma tisadzayesenso kuona kuti mwayiwo umathera pati. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukachotsa kachitsotso kamene kanandilowa m'diso.

Dambo ndiye silinandikhululukire. Pofika Januwale, paliponse pamene chikwakwa chinadula kamodzi panaphuka tinayi. Kumunsi, kumene adani aja anathawira, kachikasu kanamera ngati nazale ya fodya, mpaka m'minda ya anthu amene sali n'komwe m'gulu lathu. Pamsonkhano ndinaimirira kuti nditule pansi udindo. A Dankeni anakweza dzanja. "Ayi, alamu asachoke. Gulu likuwakhulupirira. Akhale tcheyamani mpaka kachikasu komaliza katazulidwa." Onse anaomba m'manja. Sindinaonepo chisankho chamtendere ngati chimenecho. Kuyambira pamenepo Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse mumandipeza m'dambo, majumbo m'manja, nditanjuta pakati pa azimayi aja, ndikuzula kamodzikamodzi.

Tsiku lina ndikuchokera komweko, msana ukuyaka, ndinapeza mkazi wanga ataima kuseri kwa khola. Pa dzenje lija, pamene madzi a m'khola amatsetserekera, panali patamera zomera zobiriwira, masamba otambalala ngati makutu a njovu. Ndinayamba kuvalanso majumbo.

"Mukangokhudza," anatero amake Feli, "mubwerera ku Limbe wapansi."

Anathyola katsamba, natafuna, nakwinya nkhope, kenaka anamwetulira. Zikuoneka kuti nthambi zina za m'munsi zinali zitakhwima kale pamene ndinkaziduladula, ndipo khasu langa linangothandiza kufesa. Anatuma uthenga, apongozi anabwera ndi ndodo yawo. Ine ndinasuntha kukaima patali, monga mwa mwambo. Anawerama, nathyola tsamba, nalawa. Anatafuna nthawi yaitali. Anayang'ana thole lija likudumphadumpha m'khola, anayang'ana kumunsi kudambo kumene kachikasu kanali kakuwirira, anayang'ananso mpiru.

"Esinati."

"Mayi."

"Bambowa ndawamvetsa tsopano. Ng'ombe anafuna kuipha, yabereka. Kachikasu anafuna kukapha, kadzadza dambo. Mpiru wanga ndi uwu, sunanenepepo chonchi chibadwire changa. Uwauze mawa alawirire kumunda kwanga, akayese kupha chimanga."

Atachoka ndinafunsa mkazi wanga ngati kumeneko kunali kuyamikira. Anandiyang'ana, nalowa m'nyumba, natuluka ndi khasu, nandipatsa. Ndinapalira munda wa apongozi masiku asanu ndi limodzi, a Dankeni akudutsa m'mawa uliwonse kudzandikumbutsa kuti zazitalizo ndiye chimanga. Koma ine mpaka lero ndimati kunali kuyamikira, ndipo palibe amene wabwera ndi umboni wotsutsa.